Sipika ya Pamtsuko

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandifikitsa pa ukalamba uno makutu anga akumvabe, ndiponso amene anandilezera mtima chaka chimene ndikufuna kukamba, pamene mumtima mwanga munali zinthu zosayenera munthu wopemphera. Ndimuthokozanso chifukwa cha anthu awiri amene anatsogola kale, apongozi anga aamuna ndi mnzanga wa pachikamwini, pakuti nkhaniyi ndi ya iwowo ndi ine.

Ndinakwatira m'mudzi wina wa kwa Mwambo, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera padoko la Kachulu, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu ndinakamanga kwa mkazi. Ndinkalima mpunga kudambo ndi chimanga kumtunda, ndipo matemba akachuluka ndinkawapikula padoko n'kupita nawo panjinga kumisika ya kumtunda. Kutchalitchi ndinalibe udindo uliwonse, koma ndinkawerenga bwino, osadodoma, ndipo chimenechi ndicho chinandipatsa malo m'mudzi mwa eni ake.

Apongozi anga aamuna anali atakalamba. Maso anali atachita khungu, khutu lakumanzere linali litafa, ndipo lakumanja linkamva pokhapokha munthu akalankhula momveka. Tchalitchi chinali kutsidya kwa dambo, ndipo miyendo yawo sinkafikanso kumeneko. Choncho Lamulungu lililonse masana, ife tikaweruka kumapemphero, iwo ankabwera ndi ndodo yawo m'kanjira ka pakati pa chinangwa n'kudzakhala pakhonde panga. Ine ndinkawawerengera Malemba. Iwo ankawadziwa pamtima kuposa mmene ine ndinkawadziwira papepala.

"Mwadumpha mzere, bambo," ankatero. "Bwererani pamwamba pang'ono."

Ndikabwerera ndinkapeza kuti ndadumphadi.

Mkamwini ndi munthu wamng'ono m'mudzi. Amamuitana pofolera nyumba ndi pokumba manda, koma pokambirana za pabanja samufunsa. Komabe Lamulungu masana bambo wa banja lonse ankakhala pakhonde panga, ndipo aliyense wodutsa ankaima n'kunjuta mwaulemu, kupereka moni kwa iwo, n'kuperekanso kwa ine. Ndinkadziuza kuti ndikutumikira nkhalamba. Zinali zoona, koma ulemu uja ndinkaukondanso kuposa mmene ndinkavomerera.

Chaka china mpunga unabereka, ndipo ndinagula kawailesi ka mabatire anayi. Nthawi imeneyo nyumba youlutsa mawu inali imodzi dziko lonse, ndipo Lamulungu masana inkaulutsa nyimbo zauzimu ndi ulaliki. Apongozi ankakatenga kawailesiko n'kukagunditsa pakhutu lakumanja, ndipo ulaliki ukatha ndinkawawerengera mutu umene mlaliki wautchula. Tinakhala choncho zaka ziwiri.

Kenako kunabwera mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga, amene anali ku migodi ya ku Joni. Nyumba yake inali moyang'anana ndi yanga, pakati pali kamunda ka chinangwa ndi mtengo wa mango. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, jekete lalitali losayenera kutentha kwa kunyanja, ndi wailesi yaikulu yokhala ndi masipika awiri apadera, aliyense m'kabokosi kake kathabwa, kumaso atakutidwa ndi nsalu ya ulusi wonyezimira. Mawu ake anali oyera ngati munthuyo waima pakhomo. Mnzangayo sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chinkandivuta kwambiri. Anali woseka, wopatsa, wosasunga mangawa. Kutchalitchi ankapezeka pa Khirisimasi ndi pamaliro.

Lamulungu lachiwiri chibwerereni iye, ndinayala mkeka, ndinaika mpando wa apongozi pamthunzi, ndinapukuta kawailesi ndi nsalu. Ndinamva ndodo ikugogoda m'kanjira. Inafika pa mtengo wa mango, inaima pang'ono, kenako inakhotera kwina.

"Bambo apita kuti?" ndinafunsa mkazi wanga, ngakhale ndinali nditaona ndi maso anga.

"Kwa mng'ono wanga. Akuti kumeneko safunika kunyamula wailesi m'manja, mkono umawapweteka."

"Nanga kuwerenga?"

"Kawafunseni nokha. Ine si ine ndawakhotetsa."

Sindinapite. Ndinakhala pakhonde Malemba ali pamiyendo, nyimbo ikuchokera kutsidya kwa chinangwa, ndipo ndinkamva mawu a apongozi akuvomereza mlaliki. Anthu odutsa ankanjuta kumeneko. Ndinatsegula kawailesi kanga, ndipo kanamveka ngati udzudzu. Ndinakatseka.

Nkhani ya m'Malemba ya mwana wamkulu uja amene anachokera kumunda, n'kumva kuimba m'nyumba ya bambo wake, n'kukana kulowa, ndinkaidziwa bwino. Ndinali nditawawerengera apongozi kangapo. Ndinkadziwanso za mfumu ija imene inamva akazi akuimbira mnyamata woweta nkhosa, nkhope yake n'kusintha kuyambira tsiku lomwelo. Zonsezi ndinkazidziwa, koma sizinandiletse. Ndinkati nkhani yanga ndi yosiyana, chifukwa ine ndikuchitira nsanje zinthu za Mulungu. Ndinkati si bwino kuti mawu opatulika azitulukira m'masipika amene Loweruka amaimba nyimbo za m'mabala a ku Joni. Popemphera ndinkamutchula mnzangayo kuti Ambuye amutembenuze mtima, koma chimene ndinkafuna chinali chakuti wailesi yake iwonongeke.

Tinakumana padoko pa Kachulu tsiku lina, tonse tikudikira mabwato ochokera ku chilumba cha Chisi.

"Achimwene, mwasowa," iye anatero. "Bambo amakufunsanitu. Akuti mlaliki akatchula mutu, ine ndimatsegula kumapeto pomwe uli koyambirira."

"Ndimatanganidwa."

"Lamulungu? Inu amene mumatidzudzula ife tikagwira khasu?"

Anaseka, ndipo asodzi amene anali pafupi anasekanso. Ine ndinangomanga dengu langa panjinga. Njira yonse yobwerera ndinkaganiza chinthu chimodzi, choti ndipeze sipika yoposa yake.

Nditagulitsa matemba a mwezi umenewo ndinakwera njinga kupita ku Zomba, kawailesi nditakakulunga m'thumba, khadi la chipani lili m'thumba la malaya chifukwa popanda ilo pachipata cha msika sunkalowa. Ndinayamba ndi sitolo ya amwenye. Masipika a m'mabokosi analipo, okongola ngati a mnzanga, koma mtengo wake unali wa munthu wolandira malipiro a boma. Ndinatuluka ndisanawakhudze n'komwe.

Pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika panali bambo wina wokonza mawailesi, Msilamu wovala kofia yoyera, wa ndevu za imvi. Patebulo pake panali mawailesi otsegula pamimba, ndipo pansi pa tebulo panali katoni ya masipika opanda mabokosi, ochotsedwa m'mawailesi akufa ndi m'magalimoto. Nditamuuza chimene ndabwerera, anakoka katoniyo n'kuyamba kundiphunzitsa ngati munthu wosafulumira kugulitsa.

"Sipika simuigula ndi maso, bambo. Choyamba onani chipepala chakumasochi, chisakhale chong'ambika. Kenako dinikizani ndi zala pang'onopang'ono, chonchi. Mukamva kukhwekhwereza mkatimu, isiyeni, yadwala. Kenako batire."

Anagunditsa mawaya awiri pa batire, sipikayo n'kuti thi, chipepala n'kudumphira kutsogolo.

"Ili moyo imeneyi."

Anasankha ziwiri. Ina inali yaing'ono ngati sosala, chipepala chake chatsopano. Ina inali yaikulu ngati mbale yodyera, yolemera ndi maginito, yochokera m'basi, m'mphepete muli kachigamba komata ndi guluu. Anazilumikiza ku kawailesi kanga imodzi ndi imodzi. Pa yaing'onoyo munthu wowerenga uthenga wa maliro anamveka liwu ndi liwu, mpaka kupuma kwake. Pa yaikuluyo mawu anamveka onenepa, ndipo nyimbo itayamba tebulo linanjenjemera, tizitsulo n'kumavina.

"Womvera ndani?" anandifunsa.

"Banja."

"Banja lili ndi makutu ambiri. Ovina kapena omva mawu?"

"Pali nkhalamba yosamva bwino."

"Ndiye tengani yaing'onoyi, n'yotchipanso. Khutu la nkhalamba limafuna mawu owonda, akuthwa. Muipangire kabokosi kathabwa, muiike pafupi ndi mutu wake. Yaikuluyi ndi ya ng'oma. Imafuna mtsuko kuti ilire bwino, ndipo mudzakhala mukukweza mpaka pamapeto. Kawailesi kanuka kakakwezedwa choncho kamadya mabatire ngati mbuzi m'munda."

"Ingamveke patali bwanji?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Nkhalambayo imakhala patali bwanji?"

Ndinatenga yaikuluyo. Iye sananditsutsenso. Anamatira mawaya awiri aatali kumbuyo kwa kawailesi, anandikulungira sipikayo m'nyuzipepala, ndipo ndikunyamuka anati, "Mukatopa nayo muibweretse, tidzasinthana." Munthu wachipembedzo china anandiuza zoona zokhudza apongozi anga, ine Mkhristu n'kuzikana ndikuzimva.

Nkhani ya mtsuko sinali yachilendo kwathu. Anyamata ambiri ankaika sipika pakamwa pa mtsuko kuti mawu azigunda. Koma ine ndinaichita ngati ntchito ya moyo wanga. Ndinapita kwa mayi wina woumba mbiya m'mudzi woyandikana nawo, ndinanyamula sipika ija kuti ndiyeze pakamwa, ndipo ndinagwada pabwalo pake kumalowetsa mutu m'mitsuko umodzi ndi umodzi, kuimbamo mzere wa nyimbo ndi mawu a besi kuti ndimve wobweza bwino. Mayiyo anaitana mnzake kuti adzaone.

"Mtsuko wa madzi timaugogoda kuti timve ngati uli ndi mng'alu," anatero. "Uwu wouimbira nyimbo ndi wa chiyani, bambo? Mukufuna kuubatiza?"

Ndinasankha wa mimba yaikulu, wofika m'chiuno mwa mwana, wa khosi lalifupi. Ndinaumanga panjinga ndi udzu ndipo ndinaikankha njingayo njira yonse. Kunyumba ndinakhazika sipika pakamwa pake, ndinatseka mipata ndi phula, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kenako ndinaugoneka chammbali pakhonde, nditauchirikiza ndi njerwa, kukamwa kwake kutaloza ku mtengo wa mango.

Mkazi wanga anaima pakhomo akupukuta manja.

"Abambo, mpando wa bambo umakhala uku. Nanga mtsukowu ukuyang'ana kwa mng'ono wanga bwanji?"

"Mawu amafuna malo oyendamo."

"Ayende apite kuti? Womva akhala pompano."

"Zimenezi simungazidziwe, mayi."

"Ndikuzidziwa," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Linali Lachisanu. Ndinamutuma kuti akauze bambo ake kuti Lamulungu abwere adzamve chinthu chatsopano, ndipo iwo anavomera. Ndinali nditagula mabatire anayi atsopano, ndipo nzeru inali yoti ndiwasunge mpaka Lamulungu. Koma Loweruka m'mawa mtima unakana kudikira. Ndinkafuna kuti mnzanga amve. Ndinati ndingoyesa kwa kanthawi.

Nditatsegula n'kukweza mpaka pamapeto, nkhuku zinathawa pabwalo. Ng'oma ya m'nyimbo inagunda pachifuwa panga ngati munthu akusinja. Akazi amene ankapuntha mpunga kutsidya anaimika ntchito. Posakhalitsa anthu anayamba kubwera, ena atanyamula makasu, ena ana kumsana, n'kumasuzumira mtsukowo ndi kuugwira pamimba kuti amve kunjenjemera. Ndinayang'ana ku nyumba ya mnzanga. Kunali zii. Sindidzabisa, ndinakondwa ndi chimwemwe choipa, ndipo ndinachimva kukoma.

Pakati pa obwerawo panali tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, bambo wamfupi woyenda ndi kabuku m'thumba. Ndinamupatsa mpando wa apongozi, popeza unali wokhawo wabwino. Nditangoti ndizimitse kuti ndisunge mabatire, nyimbo inaduka, ndipo woulutsa ananena kuti tsopano atitengera kubwalo kumene mtsogoleri wa dziko akuchititsa msonkhano.

Amene sanakhale masiku amenewo sangamvetse chifukwa chake dzanja langa linabwerera. Munthu sunkatseka wailesi mtsogoleri akulankhula ngati pali wina amene akumva. M'nyumba mwako, kawailesi kali pakhutu, unkatha kukatseka mwakachetechete, osadziwa aliyense. Koma mtsuko wanga unkamveka mpaka kudambo. Ndikanautseka, mudzi wonse ukanamva kuti wautseka ndine, ndipo tcheyamani anali atakhala pompo, miyendo atapingasa. Ngakhale kuchepetsa mawu sindinayerekeze.

Msonkhanowo unayamba ndi magule. Anaimba amayi a chigawo ichi, kenako a chigawo icho. Analankhula akuluakulu mmodzi ndi mmodzi. Dzuwa linafika pamutu mtsogoleri asanayambe. Atayamba, ankalankhula m'Chingerezi, womasulira n'kubwereza m'Chichewa, kotero kuti mawu alionse ankadya mabatire anga kawiri. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi mtsuko, ndikuomba m'manja pamene ena akuomba, mumtima ndikupempha Mulungu kuti afupikitse msonkhano. Ndi pemphero limene sindikanalitchula mokweza.

Mnzanga uja anabwera masana akutafuna nzimbe, n'kudzakhala pambali panga.

"Kwanu simukumvera bwanji?" tcheyamani anamufunsa.

"Ndingatsegule bwanji, bwana, pamene achimwene atigulira tonse? Yanga ija ndi yongonong'ona poyerekeza ndi iyi. Pano m'pamene pakumveka bwino."

Tcheyamani anagwedeza mutu kuvomereza. Mnzangayo anandiweramira n'kunena chapansipansi, "Mwagula chilombo, achimwene. Chikudya chiyani?"

"Chili ndi chakudya chake."

"Chabwino. Ndimangofunsa."

Msonkhano unatha dzuwa litapendeka. Pamenepo n'kuti mawu a m'mtsuko atayamba kusasa ngati munthu wa chimfine. Tcheyamani anaimirira, anandigwira chanza pamaso pa onse, nati ndachita chinthu chachitukuko, ndipo kuyambira tsiku limenelo misonkhano yonse anthu a m'mudzi azidzamvera pakhonde panga. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinathokoza.

Mabatire ena kunalibe kowagula pafupi. Kagolosale ka m'mudzi kanalibe, ndipo Lamulungu sindinkagula kapena kugulitsa. M'mawa, ndisanapite kutchalitchi, ndinawaika padenga la khola kuti aothe dzuwa, monga tinkachitira pofuna kuwadzutsa pang'ono. Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Maganizo anga anali padenga la khola.

Pobwerera ndinapeza mnzanga akundidikira pa mtengo wa mango, mabatire anayi ali m'manja.

"Tengani awa, achimwene. Ndili nawo ena. Bambo akubwera kwanu lero, asakapeze chilombo chitagona."

Anali kuseka, koma ankanena zoona, ndipo dzanja lake linali lotambasula. Ndakhala ndikulikumbukira dzanja limenelo zaka zonsezi. Ndikanalandira, apongozi akanamva ulaliki wonse pakhonde panga. Koma akanaumva ndi mabatire a iyeyo, ndipo ine ndikanadziwa, iyenso akanadziwa.

"Anga ali bwino," ndinatero.

"Aja ali padenga aja?"

"Ali bwino."

Anawabweza m'thumba n'kupita.

Apongozi anafika nthawi yawo. Ndodo inadutsa pa mtengo wa mango osakhota. Ndinawakhazika pampando. Anapempha kuti achigwire chinthucho, ndipo ndinatsogolera dzanja lawo pa mimba ya mtsuko, pa mphira, ndi pa chipepala cha sipika.

"Mtsuko wabwino," anatero. "Woumba wake amadziwa ntchito. Tsegulani timve."

Mabatire anali otentha m'manja. Ndinawaika, ndinatsegula, ndipo nyimbo inatuluka ndi mphamvu ndithu. Ndinayamba kupuma bwino. Apongozi anatembenuza khutu lakumanja, anaweramira kutsogolo, anakhala choncho ndime yonse yoyamba.

"Akuimba nyimbo iti?"

Ndinawauza. Inali nyimbo imene ankaidziwa kuyambira ali mwana.

"Ndikumva kugunda kokha. Mawu ali kuti?"

Ndinatembenuza mtsuko kuti uyang'ane kwa iwo, ndinausendeza pafupi ndi mpando. Anapukusa mutu.

"Zili ngati munthu akulankhulira m'chitsime, bambo. Kaja kakang'ono kali kuti, kaja ndinkagwira m'manja?"

Kawailesiko kanali pompo, koma wokonza uja anali atadula sipika yake yamkati polumikiza yaikuluyo. Pakokha sikankalankhulanso. Ndinawafotokozera, ndipo anangoti, "Oho."

Mlaliki atayamba, mawu anayamba kuchepa. Anasasa, ananjenjemera, kenako anatsala ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Ndinatulutsa mabatire, ndinawagubuduza m'manja, ndinawabwezera. Analankhula mawu awiri atatu n'kufa. Pakhonde panakhala chete, ndipo m'chetemo tinamva mlaliki yemweyo akupitiriza kutsidya kwa chinangwa, liwu lililonse loyera. Mnzanga sanakweze kwambiri. Anatsegula monga ankatsegulira Lamulungu lililonse.

Apongozi sanadandaule. Sankafuna kundichititsa manyazi. Koma ndinaona mutu wawo ukutembenukira kumene kunkachokera mawu, ndipo zala zawo zinkafufuza ndodo pambali pa mpando.

"Ndikuwerengereni, bambo," ndinatero. "Mutu wake ndaumva."

"Mudzawerenga akamaliza. Mlalikiyu anayamba nkhaniyi sabata yatha, ndikufuna ndimve mathero ake."

Mkazi wanga anali pakhomo. Sanandiyang'ane, ndipo sanasunthe kuti awathandize bambo ake kudzuka, ngakhale masiku onse ndiye ankatero. Anandisiyira ine. Ndinadzuka, ndinawapatsa ndodo, ndinawagwira mkono, n'kuyenda nawo m'kanjira kaja mpaka pa mtengo wa mango, n'kukhota nawo. Ndi mtunda waufupi, koma sindinayendepo ulendo wolemera ngati umenewo.

Mnzanga atationa anadzuka msanga n'kutulutsa mipando iwiri. Sananene za chilombo kapena za mabatire. Anasuntha kabokosi kamodzi ka sipika n'kukaika pa kampando pafupi ndi khutu lakumanja la apongozi, ndipo ndinaona kuti pa kampandopo panali kale chizindikiro cha fumbi pamene kabokosiko kankakhala Lamulungu lililonse. Munthu wopita kutchalitchi kawiri pachaka anali ataganizira khutu la nkhalamba. Ine ndinali nditaganizira khutu la iyeyo.

Ndikanakonda kulemba kuti nsanje inathera pamenepo. Sinathe. Ndinakhala pampando wa mnzanga ndikumva ulaliki wabwino, ndipo nthawi yonseyo maso anga anali pa nsalu yonyezimira ija, kufunafuna pong'ambika. Ulaliki utatha apongozi anati, "Tsopano werengani," ndipo ndinawerenga pakhonde la mwini wake, odutsa akunjuta n'kupereka moni kwa iwo, kwa mwini nyumba, kenako kwa ine.

Sabata yotsatira ndinaganiza zobwerera ku Zomba kukasinthitsa sipika ija ndi yaing'ono, koma sizinatheke. Tcheyamani anali atalengeza kale, ndipo kuchotsa mtsukowo kukanafuna kufotokoza zambiri kwa anthu amene sindinkafuna kuwafotokozera kanthu. Unakhala pakhonde panga zaka zingapo, ukulira pa misonkhano ndi pa masiku a zikondwerero za dziko, mabatire ndikugula ndine. Lamulungu unkakhala chete.

Apongozi sanabwererenso pakhonde panga masana a Lamulungu. Ine ndi amene ndinkapita, Malemba ali m'khwapa. Masabata ena ndinkapita ndi mtima wabwino. Masabata ena ndinkaima kaye kuseri kwa nyumba yanga kupempha Ambuye kuti andichotsere chowawacho ndisanawoloke chinangwa, ndipo nthawi zina ndinkawoloka nacho chomwecho. Apongozi anakhala ndi moyo dzinja lina ndi linzake. Lamulungu lawo lomaliza anali atagona pamkeka m'nyumba ya mnzanga, kabokosi kali pafupi ndi mutu, ndipo ndinawawerengera mpaka anagona tulo. Anamva mawu onse amene ankafuna kumva, ndipo ambiri mwa iwo sanawamvere kwa ine. Lero ndikhoza kunena kuti zinali bwino choncho, ngakhale kuti polemba izi ndapeza kuti pamalopo pakadali kuwawa pang'ono.

Inu amene mwawerenga, Mulungu wa mtendere akusungeni. Akupatseni makutu omva mawu ake kulikonse kumene akutulukira, ngakhale pakhomo pa munthu amene mtima wanu ukumukana. Akupatseni manja olandira pamene mnzanu watambasula lake, ndi miyendo yoperekeza okalamba anu kumene akapeze chowathandiza. Nyumba zanu zikhale ndi mtendere, ndi za anansi anu zomwe. Ameni.